Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka: Za Kupumitsa Munda ndi Kakololedwe ka Makolo Athu

Komiti inandipempha kuti ndilankhule za ulimi wa makolo athu, ndipo mau anga afika pa mfundo imodzi: munda umene suona mpumulo uyenera kuona kusintha kwa mbeu.

Tiyambe ndi m'mene analimira akale. Munthu akafuna munda ankapempha kwa mfumu, nakatema mphanje. Mitengo ndi zitsamba ankaziunjika ndi kuzitentha, ndipo phulusalo linali chakudya cha mbeu. Ankaunda matuto, namakwirira udzu m'kati mwake kuti uolere momwemo. Pa munda umodzi pankamera chimanga, maungu, nyemba ndi khobwe, pamene mtedza, nzama ndi mawere zinali ndi zigawo zao. Chigawo chimene chaka chino chinali ndi mtedza, chaka chinacho chinkalandira chimanga. Zikapita zaka zingapo, mwini munda akaona kuti mapesi ayamba kuonda ndipo kaufiti wachuluka, ankati nthaka yatopa. Ankausiya mundawo ukhale tsala, kufikira tchire litabwerera ndi kubweza chonde.

Akulu aja sanalowe m'sukulu, koma zimene anaziona ndi maso akatswiri a ku Chitedze ndi ena azitsimikiza. Mukazula mtedza, yang'anani ku mizu, mudzaona timatuza tating'ono. M'menemo mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga chakudya cha mbeu kuchokera mu mpweya, chomwe chija tigula ndi ndalama zambiri m'thumba la fetereza wobereketsa. Nyemba, khobwe, nzama, soya ndi nandolo zichita chimodzimodzi. Kaufiti nayenso ayamwa ku mizu ya chimanga ndi mapira, koma ku mtedza sapezako chakudya. Chifukwa chake munda wosinthasintha umchepetsa.

Tsono za kukolola. Ntchito yonse inali ya manja, monga iri kwa ambiri a ife kufikira lero. Mvula ikatha, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, mtedza unkakumbidwa ndi khasu, nuyanikidwa makoko ali m'mwamba, ndipo ukauma unkathotholedwa. Chimanga chinkadulidwa ndi kusanjidwa m'mikukwe kuti chiume bwino, kenaka chinkatutidwa m'madengu kunka ku nkhokwe. Chimanga cha makolo ndi cholimba maso, ndipo makoko ake atseka kunsonga, kotero anankafumbwe sankachilowa msanga. Zisononkho zazikulu zinkasankhidwa padera kuti zikhale mbeu, namazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzisunge. Masamba a maungu ndi a khobwe amai ankawafutsa, kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe. Ntchito ikakula, mwini munda ankaitana dima, nkuphika mowa kapena thobwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Nanga chinasintha nchiani? Choyamba ndi mbeu zogulitsa. Boma la Atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926, ndipo fodya anafalikira m'chigawo chino cha pakati, natenga malo ndi manja omwe. Chachiwiri ndi malamulo. Itapita njala ya 1949, m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, alangizi anaumiriza anthu kusiya matuto ndi kuunda mizere yopingasa, pamodzi ndi migula yotchinga madzi. Wokana ankalipitsidwa faindi, ena kuikidwa m'ndende. Anthu anada malimidwe amenewo, ndipo chidanicho chinasakanikirana ndi kukana Chitaganya cha 1953. Zina mwa nzeruzo zinali zabwino, pakuti mizereyo ndi imene tilima lero, koma chikwapu sichiphunzitsa mlimi.

Chachitatu, chimene chiposa zonse, ndi kuchuluka kwathu. Pa kalembera wa 1966 dziko lonse la Malawi linali ndi anthu oposa pang'ono 4 miliyoni; pa kalembera wa 2018 tinapitirira 17 miliyoni, ndipo boma lino la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, linapezeka ndi anthu oposa 600,000. Nthaka ndi yomwe ija. Tsala linatha, mphanje kulibenso. Munda umene agogo anaupumitsa zaka zambiri, ife tiulima chimanga chaka ndi chaka, ndipo fetereza akachedwa kapena akakwera mtengo, nkhokwe ikhala yopanda kanthu mwezi wa Januwale usanafike.

Chifukwa chake ndipempha bungwe kuti livomereze zinthu zinai.

Choyamba, membala ali yense agawe munda wake, ungachepe bwanji, kuti pamene panali chimanga chaka chino pakhale mtedza, soya kapena nyemba chaka cha mawa. Boma lathu lidziwika ndi mtedza kuyambira masiku a Chalimbana kufikira CG7, ndipo mbeu imeneyi itipatsa nsinjiro, ndalama ndi chonde nthawi imodzi.

Chachiwiri, tileke kutentha mapesi ndi masangwe. Ndidziwa kuti anyamata athu akonda mbewa, koma moto wa tsiku limodzi udya chakudya cha munda cha chaka chathunthu. Zotsalira zonse tizikwirire m'mizere nthaka isanaume.

Chachitatu, mtedza uume ndithu tisanausunge, ndipo tisauwaze madzi pousenda. Chinyezi chibala chuku, chuku chiri ndi poizoni woononga chiwindi, ndiponso ogula a kunja akana mtedza wotere.

Chachinai, tibwezeretse dima pakati pathu, makamaka kwa okalamba ndi amasiye, pakuti mbeu yochedwa m'munda idyedwa ndi chiswe, ziweto ndi akuba.

A Pampando, mau a akulu akoma akagonera. Malo opumitsa munda tiribe, koma nzeru yosintha mbeu ifuna khasu lomweli tiri nalo. Ndipempha Mlembi kuti mfundo zinaizi azilembe m'buku, ndipo pa msonkhano wa chaka cha mawa mudzi uli wonse udzatiuze m'mene wachitira.