Mau Anai a Madzi a Pansi pa Nthaka

Mvula ikagwa, madzi ena amathamangira ku mitsinje, koma ena amalowa pansi, nakhala pakati pa mcenga ndi m'ming'alu ya miyala. Akatswiri a miyala ali ndi mau a Cingerezi ofotokozera madzi amenewa, ndipo munthu wa pa mgodi kapena wa m'komboni acita bwino kuwadziwa, pakuti akhudza moyo wace.

Mau oyamba ndi water table. Wokumba citsime amayamba ndi dothi louma, kenaka lacinyezi, kufikira madzi ayamba kudikha m'dzenjemo. Pamene madziwo alekeza ndipo pa water table. M'dzinja amakwera, m'cilimwe amatsika; ndico cifukwa cace citsime cosaya cimaphwa mu October.

Aciwiri ndi aquifer, ndiko kuti thanthwe kapena mcenga wosunga madzi ndi kuwalola kuyenda. Pa mgodi wa Konkola ku Chililabombwe, mwala wa mkuwa unagona pakati pa matanthwe otere, ena pamwamba, ena pansi. Motero mapampu amaturutsa malita oposa 300 miliyoni tsiku liri lonse. Mmisiri akaona madzi acilendo akuturuka m'ciboo cimene akuboola, ayenera kuuza kapitao msanga, pakuti mwina wafika pa aquifer.

Acitatu ndi dolomite, mwala wofanana ndi uja amaocha kuti apange laimu. Madzi a mvula amausungunula pang'ono pang'ono, naboolamo njira ndi mapanga. Denga la phanga lotere likagumuka, nthaka ya pamwamba imatitimira, ndipo dzenjelo licedwa sinkhole. Amenewo ndiwo mau acinai.

Mbali yaikuru ya Lusaka inamangidwa pa miyala yotere. Mumcenga madzi amayenda mocedwa nasefeka, koma m'njira za dolomite amathamanga ngati m'paipi. Water table ikakwera m'dzinja, zonyansa za m'cimbudzi cokumba zimafika m'citsime ca pafupi zosasefeka konse. Pa mliri wa kolera wa 2017 ndi 2018, Kanyama anabvutika kwambiri, ndipo Boma linakwirira zitsime zosaya zambiri.

Madzi a m'citsime angaoneke oyera mbee, koma maso saona njira imene adzera. Cifukwa cace mai wanzeru amayamba wawiritsa madziwo asanapatse ana ace.