DIMA LA MAKINA NDI NKHANI YA MVULA



Poyendera minda yanu ambiri mumandifunsa kuti, "Kodi Alangizi, anthu a zanyengo ku Blantyre aja amadziwa bwanji za mvula ya mkuja? Amaombeza kodi?" Iai, saombeza, amawerengera. Koma masamu ace ngocuruka koposa. M'caka ca 1922 katswiri wina wa ku England, Lewis Fry Richardson, analemba kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera pamodzi kuti adziwiretu nyengo ya dziko lonse lapansi isanawapitirire.

Tsono inu mumalidziwa dima. Munda ukakula, mwini wace amaphika thobwa naitana anzace, yense napatsidwa ndime yace, ndipo pofika masana nchito ya mwezi yatha. Akatswiri acita cimodzimodzi ndi makompyuta. Amalumikiza mazanamazana m'nyumba imodzi yozizira, nagawa mlengalenga m'ndime zing'onozing'ono. Makina ali onse awerengera mphepo, kutentha ndi cinyontho ca ndime yace, nauza anzace a m'malire zimene apeza, pakuti mizere ya ndime ziwiri iyenera kukomana. Amodzi akacedwa, onse adikira. Aulesi pa dima timawadziwa tonse.

Dima lotere linatsegulidwa ku Cape Town m'caka ca 2016, dzina lace Lengau, kuti aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu za ukacenjede azitumizako masamu ao pa intaneti, nafola pa mzere monga ticitira ku cigayo. Kwathu kuno ana athu aphunzira za nyengo ku MUST, ku Thyolo, sukulu imene inayamba mu 2014.

Koma mverani bwino apa. M'mwezi wa March 2023 wailesi inacenjeza za namondwe wa Freddy asanafike, ndipo anafikadi. Cimene makina sanathe kunena ndico phiri limene lidzagumuka. Mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lino la Chiradzulu unakokoloka, anthu nafa. Cifukwa cace inu okhala m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa mtsinje, mukamva cenjezo samukani tsiku lomwelo, musadikire kuti achule dzina la mudzi wanu.

Za kubzala nazonso, a zanyengo akalengeza za dzinja lonse, bwerani ku ofesi ya zaulimi tikambirane mbeu yoyenera, yoca msanga kapena yocedwa. Musataye cimanga ndi nandolo wanu pa cizimalupsa. Yambani mwakumba ndi khasu, muone ngati cinyontho calowa pansi.

Tsalani bwino.