Kulowa Nchito ya Upolisi

Anyamata ndi atsikana ambiri a m'makomboni a ku Kitwe ndi ku Ndola alakalaka kubvala yunifomu ya upolisi, koma si onse alandiridwa. Wofuna nchitoyi ayenera kukhala mbadwa ya Zambia, wa zaka 18 kufikira 25, wokhala ndi citupa cace cobiriwira ndi setifiketi ya Grade 12 yoonetsa kuti anakhoza bwino, makamaka Cingerezi. Amene anatsutsidwapo pa mlandu kukhoti asadzibvute kulemba kalata.

Oitanidwa ayesedwa mayeso, napimidwa ndi dotolo. Opambana atumizidwa ku Lilayi pafupi ndi Lusaka, sukulu imene inatsegulidwa m'caka ca 1955, kapena ku Kamfinsa, kufupi ndi Kitwe komweko, kumene aphunzira kuletsa zipolowe. Maphunzirowo ngowawa ndithu, ndipo malipiro a konsitabo, ngakhale afika mwezi ndi mwezi, salemeretsa munthu.

Tsono pakumveka mbiri yakuti Boma lilemba apolisi, akathyali ayendayenda m'makomboni, nauza makolo kuti apereke ndarama kuti dzina la mwana wao lilembedwe. Boma siligulitsa malo amenewa. Atate wopereka ndarama zimene anazikhetsera thukuta pansi pa mgodi sadzazionanso.