CHILIMBA CHOYAMBA M'NYUMBA

 Madzulo ano ndifuna kulankhula ndi munthu amene wakhala akusunga tindalama mwezi ndi mwezi, ndipo tsopano afuna kugula chilimba chake choyamba chomverera nyimbo, chija chotchedwa sitiriyo.

Khumbo limeneli si lachilendo. M'chaka cha 1949 munafika m'dziko muno kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kamene kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga popemphedwa ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'Boma la Northern Rhodesia. Kanali kozungulira ngati sefuliya, mtengo wake mapaundi 5, batire lake masheleni 25. Pakhomo pamene panali kawailesi kameneka anthu ankasonkhana kudzamva Alick Nkhata akuimba. M'zaka za m'ma 1970 ana awo ankagula mbale za WITCH ndi za Paul Ngozi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anafika makaseti a kalindula a P.K. Chishala. Lero nyimbo zambiri zili m'foni, koma foni ili ndi kamwa laling'ono, ndiye chifukwa chake tifuna chilimba.

Kodi sitiriyo n'chiyani? Kawailesi kaja kanali ndi sipika imodzi, ndipo oimba onse ankatulukira pabowo limodzi. Sitiriyo ili ndi masipika awiri monga munthu ali ndi makutu awiri. Nzeru imeneyi anailembetsa Alan Blumlein ku England mu 1931, koma mbale zake zinayamba kugulitsidwa kwa anthu ambiri mu 1958. Zikalumikizidwa bwino, gitala limveka kumanzere, china kumanja, woimba pakati, ngati gulu lonse laima pamaso panu.

Zofunika ndi zitatu: chotulutsa nyimbo, monga foni kapena wailesi, ampulifaya, imene ikulitsa mphamvu ya mawu, ndi masipika awiri. Ngati ndalama zili zochepa, zambiri zipite ku masipika, pakuti ndiwo aimba. Foni muli nayo kale, ndipo ilumikizika ndi kachingwe kapena ndi Bluetooth.

Tsono chenjerani pogula. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mudzaona zilimba zothwanima ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira, pabokosi atalemba mawati zikwizikwi ndi zilembo zakuti PMPO. Chiwerengero chimenecho n'chokopa wogula chabe. Funani pamene alemba RMS, ndipo potero ndipo pali mphamvu yeniyeni. Mawati 20 kapena 30 a RMS mbali iliyonse akwanira chipinda chochezera cha nyumba zathu za m'komboni. Yang'ananinso kumbuyo kwa sipika: pali nambala ya maohm, kawirikawiri 4, 6 kapena 8. Ngati ampulifaya yalembedwa kuti ifuna 8, musaipatse sipika ya 4, chifukwa ingathe kutentha ndi kupsa.

Popita ku Kamwala kapena ku City Market, tengani nyimbo imene muidziwa bwino, muiimbitse pomwepo. Muimve motsitsa poyamba, chifukwa chilimba chabwino chimveka bwino ngakhale chikunong'ona, pamene chabodza chibisala m'phokoso. Ngati masipika ndi ogwirapo kale ntchito, penyani ngati pepala lake silinang'ambike, ndipo mverani ngati salira ngati lata losweka. Musachoke opanda risiti.

Mukafika kunyumba musasanjike masipika pamodzi pamwamba pa kabati, pakuti potero mwalipira awiri n'kumva imodzi. Atalikitseni mikono itatu kapena inayi, ndipo mpando wanu ukhale pakati, patali ndi sipika iliyonse monga momwe iwo atalikirana, ngati mafuwa atatu a pamoto. Akhale molingana ndi makutu a munthu wokhala pansi pampando, ndipo asapanikizidwe pangodya, kumene mawu aakulu amangogunda osamveka. Waya wofiira alowe pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa mbali imodzi, ng'oma idzachepa mphamvu. Makoma a simenti ndi denga la malata zibweza mawu, koma nsalu za pazenera, mphasa ndi mipando yofewa zichepetsa vutoli popanda kutaya ngwee.

Za magetsi nazo n'zofunika. Magetsi a m'Zambia ndi a mavolti 230. Katundu wina wochokera ku America afuna 120, ndipo mukamulumikiza mosawerenga, adzapsa nthawi yomweyo. Tonse tikumbuka chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Choopsa chachikulu ndi nthawi imene magetsi abwerera mwadzidzidzi. Choncho akazima, zulani pulagi kukhoma, ndipo mukatha gulani kachipangizo kotchinjiriza. Fundani chilimba ndi nsalu m'nyengo ya fumbi, koma chotsani nsaluyo poimbitsa kuti chipume, ndipo musachiike pansi m'nyumba zimene madzi alowa m'dzinja.

Muno mu Lusaka mawu akuti chilimba ali ndi tanthauzo linanso, ndilo kusonkherana ndalama mosinthana. Chilimba chimenecho chingathe kukugulirani chilimba chinacho. Koma musapite kwa a kaloba chifukwa cha nyimbo. Kambiranani poyamba ndi amayi a m'nyumba, kapena abambo, muone ngati lendi, ufa ndi za sukulu zakwanira. Nyimbo sikoma pamene mwininyumba ali chiimire pakhomo.

Potsiriza, kumbukani anansi. M'komboni khoma limodzi ligawa mabanja awiri. Kuseri kuli khanda logona, wodwala, mwana wokonzekera mayeso, ndi mlonda amene wagwira ntchito usiku wonse. Ngati muyenera kufuula kuti mnzanu wokhala pafupi akumveni, mwakweza kopambana, ndipo makutu owonongeka ndi phokoso sachira. Makolo athu ankaitana anansi kudzamvera nawo kawailesi. Ifenso chilimba chathu chiitane anthu, chisawathamangitse.