Khanda Lolira Madzulo Musalimwetse Kanthu

 Sindichedwa, dzuwa lakwera kale.

Nkhani imene ndabwera nayo ndi imodzi, kuyamwitsa mwakathithi. Mukuidziwa, timaiyimba tsiku lililonse la sikelo. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana miyezi 6, ana 71 ankayamwa bere lokha. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 61. Tinabwerera m'mbuyo. Ndiye chimene tikufuna m'mudzi muno n'chakuti mwana aliyense afike miyezi 6 asanalawe china chilichonse kupatula bere ndi mankhwala a kuchipatala.

Ndifunseko. Khanda la mwezi umodzi likayamba kulira dzuwa likamalowa, miyendo litapinda, timanja litafumbata, mimba ili gwa, mumatani? Madzi ofunda, eya. Gripe water wa pagolosale. Mizu yoviika. Kaphala kamadzimadzi. Chabwino, ndamva. Ku Malindi amayankha zomwezo, ku Makawa zomwezonso.

Kulira kumeneku kuchipatala timati colic. Dokotala wina wa ku America, Morris Wessel, anakulongosola mu 1954: mwana wolira maola oposa 3 patsiku, masiku 3 pasabata, kwa masabata 3, chonsecho akuyamwa bwino ndipo pasikelo akukwera. Kumayamba sabata yachiwiri kapena yachitatu, kumafika pachimake pa masabata 6, n'kuyamba kuchepa. Pofika miyezi itatu kapena inayi, ana ambiri asiya okha. Tsegulani buku la mwana muone. Katemera wa masabata 6 amagwa pomwe kulira kwafika poipa, ndiye mumati jakisoni wamulakwitsa. Ayi, zangokumanizana. Mukamabwera kudzabayitsa wa masabata 14, mudzandiuza nokha kuti masiku ano tikugona.

Ndiye taonani mmene botolo la gripe water lija limakupusitsirani. Mwaligula mwana ali ndi miyezi iwiri, mwamumwetsa, mwagulanso lina, pa miyezi itatu mwana wasiya kulira. Mukuthokoza botolo. Woyandikana nanu sanagule kanthu, wakenso wasiya mwezi womwewo. Gripe water anayamba kupangidwa ku England m'ma 1850, ndipo kale ankathiramo mowa, nanga mwana sakanagona? Ambiri a lero ndi madzi otsekemera osakaniza ndi soda. Mwana amakhala chete kanthawi chifukwa cha kutsekemerako, basi.

Agogo kumbuyoko, ndakumvani, mawu anu afika. Akuti ana awo onse anawalera ndi madzi, ndipo kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala munthu wamkulu amauma kukhosi, ndiye khanda lisamve ludzu? Funso labwino, khalani pansi ndikuyankheni. Ludzu limamva ndithu. Koma mkaka wa m'mawere, pa magawo 10, pafupifupi 9 ndi madzi. Woyamba kutuluka mwana akangogwira bere umakhala wopyapyala, ndi wa ludzu umenewo. Wamafuta wokhutitsa umabwera pambuyo. Kukatentha, womwa madzi ambiri akhale mayi, mwana aikidwe kubere pafupipafupi.

Mukuti madzi a supuni imodzi alakwa chiyani? Agogo, madziwo achokera kuti? Munyanja momwe timachapamo matewera, kutsukiramo mbale, asodzi n'kumadzithandiziramo usiku. Mwaiwala kolera? Inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, n'kulowa kuno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Dziko lonse tinataya anthu oposa 1,700. Matenti a odwala kolera aja munawaona ndi maso anu. Nthawi imeneyo aliyense ankathira klorini mundowa, lero ndi angati akuthirabe? Musakweze manja, ndikudziwa. Munthu wamkulu akatsegula m'mimba amalimbako tsiku limodzi kapena awiri. Khanda la masabata 6 liwombo limalowa usiku umodzi wokha, ndipo m'malo mothamanga nalo mumayamba kumata mankhwala pamutu. Liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi. Za mizu zija ndiye sindifuna n'komwe kuzimva, palibe amene amadziwa mlingo wake, ndipo chiwindi cha khanda n'chanthete.

Pali chinanso. Kamimba ka khanda n'kakang'ono. Mukadzazamo madzi kapena phala, liyamwa pang'ono, ndipo bere likayamwidwa pang'ono limapanganso mkaka wochepa. Mawa mudzati mayiyu alibe mkaka, pamene mwauchepetsa ndinu apongozi ake. Inde agogo, ndikunena inu ndi anzanu, chifukwa mtsikana wa mwana woyamba sangakukanizeni m'nyumba mwanu. Mukafuna kudziwa ngati mkaka ukukwana, werengani matewera. Akakodza ka 6 kapena kuposa patsiku, sikelo n'kumakwera, mwanayo akukhuta, ngakhale alire chotani.

Nanga akamalira muzitani? Onani kagwiridwe ka bere, kamwa litseguke kwambiri, chakuda chozungulira nsonga chija chilowe, asamangonyambita nsonga n'kumameza mpweya. Amalize bere limodzi musanamusinthe. Akatha mumutsamiritse paphewa, mumusisite pamsana mpaka ageye. Mum'fukate pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, muyende naye pabwalo, mumuyimbire. Utsi wa fodya ndi wa ng'anjo yowambira nsomba ukhale kutali naye. Abambo, mwabwera kuchokera ku chilimira m'mawa, mwagona, madzulo musanabwerere kudooko mulandireniko mayi apume. Ndipo mutatopa chotani, musamugwedeze mwana mwaukali. Mitsempha ya m'mutu imaduka, ena amalumala, ena amafa. Mtima ukakwera, mugonekeni chagada pamphasa, muitane mnzanu.

Tsono si kulira konse kumene kuli colic. Thupi likatentha kapena kuzizira, akakana bere, akamasanza chilichonse kapena zobiriwira, chimbudzi chikakhala ndi magazi, mimba ikatupa osaphwa, akamapuma mothamanga, akakomoka kapena kulefuka, musadikire kuti kuche, musayambe mwapita kwa asing'anga. Pezani kabaza, thamangani kuchipatala chapafupi. Zikavuta iwo akutumizani kuchipatala chachikulu cha ku Boma.

Agogo mukuti chiyaninso? Tsempho? Kuti bambo wayenda molakwika n'chifukwa mwana akulira? Za m'banjazo mukakambe ndi a Shehe ndi ankhoswe, koma mwanayo mubwere naye kwa ife tione kaye sikelo. Amayi a ana osakwana miyezi 6 mutsalire ndi mabuku anu, ndilembe mayina, atsogoleri a care group akuyenderani sabata ino.