KUPATSA NKUIKA

Nkhani ya lero ikuchokera m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, ndipo ikunena za nkhokwe imene sisunga chimanga chokha.

M'chaka cha 1967, mumzinda wa Phoenix ku Amereka, bambo wina dzina lake John van Hengel anaona kuti eni masitolo akutaya chakudya chabwinobwino pamene anthu ena akugona ndi njala. Iye anatsegula nyumba yosonkhanitsiramo chakudyacho ndi kuchigawira osowa. Nyumba zotere zinafala m'maiko ambiri, ndipo masiku ano zimagawanso zipatso ndi ndiwo zamasamba.

Nzeru yosunga chakudya si yachilendo kwa mlimi wa ku Nkhotakota. Munda wake wa chinangwa ndiwo nkhokwe yake: amazula chimene akufuna lero, chotsalacho nkumadikira m'nthaka. Koma kondowole amangokhutitsa mimba. Zomanga thupi m'chinangwa nzochepa, kotero mwana wodya nsima yopanda ndiwo zokwanira amapinimbira ngakhale akukhuta tsiku lililonse.

Vutoli limakula pa nthawi ya tsoka. Mu February 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira, ndipo mabanja ambiri anathawira m'misasa, minda yawo itamira. Thandizo lochokera kutali kawirikawiri limakhala ufa, nyemba ndi mchere, popeza izi sizionongeka pa ulendo. Masamba, zipatso ndi nsomba ziyenera kupezeka pafupi, ndipo imeneyi ndi ntchito ya mudzi.

Chiyambi chake chilipo kale. M'midzi yambiri makolo amasonkha chakudya cha ana a sukulu za mkombaphala. Kusonkha komweko kungathe kukula. Mfumu itapereka malo a dimba pafupi ndi madzi, anthu nkubzalamo bonongwe, mpiru, maungu ndi mbatata yofiira mkati, imene ili ndi vitamini A, ndiwo zatsopano sizingasowe ngakhale m'chilimwe. Msodzi amene wapha usipa wambiri apatuleko mbale imodzi, auyanike, ausiye kunkhokwe ya mudzi. Amayi afutse nkhwani ndi chitambe m'nyengo ya dzinja, aziyanike pamthunzi kuti zisataye mphamvu, azisunge m'zikwatu monga ankachitira agogo. Mango amene amangoolera pansi mu December angathenso kuchekedwa ndi kuumitsidwa.

Nkhokwe yotere imafuna anthu okhulupirika oiyang'anira, ndi buku lolembamo chimene chalowa ndi chimene chatuluka, kuti pasakhale kukayikirana. Pogawa, oyamba akhale ana amasiye, amayi oyembekezera, odwala ndi okalamba.

Makolo akale anati kupatsa nkuika. Msodzi amene wapereka usipa chaka chino sadziwa tsiku limene mwera udzamukaniza kulowa m'nyanja. Tsikulo likadzafika, mwana wake adzadya kuchokera m'nkhokwe yomweyo.