Mwana Akasankha Kukaphunzira za Umbanda ku Yunivesite



Masiku apitawa mayi wina anandiimitsa pamsika ali ndi nkhawa. Mwana wawo wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo akuti akufuna kukaphunzira Criminology. Mayiwo anafunsa ngati mwanayo akufuna kukhala wapolisi basi. Ndinalonjeza kuyankha pano, pakuti yankho lake likutikhudza tonse amene mbuzi zathu zimasowa usiku.

Wapolisi amafunsa kuti waba ndani. Woweruza amafunsa ngati umboni wakwana. Wophunzira Criminology amafunsa funso lina: n'chifukwa chiyani umbava ukuchuluka pamalo pano, pa nyengo ino, ndipo chilango chimene tikupereka chikuuchepetsadi? Kuti ayankhe, amaphunzira malamulo, chikhalidwe cha anthu, kaganizidwe ka munthu, komanso masamu a kafukufuku.

Phunziroli ndi lakale. M'chaka cha 1764, Cesare Beccaria wa ku Italy analemba kabuku kotsutsa kuzunza ndi kunyonga olakwa. Mfundo yake inali yakuti chimene chimaletsa munthu kupalamula si kuopsa kwa chilango, koma kudziwa kuti adzagwidwa ndithu, ndipo mlandu sudzachedwa. Ndikupempha tiilingalire mfundo imeneyi, chifukwa m'dziko muno tamva kangapo za anthu owotchedwa ndi khamu powaganizira kuba. Chilango choposa moto palibe, komabe umbava sunathe. Chimene chimatsala ndi maliro, mlandu wakupha pa ana athu omwe, ndipo nthawi zina wophedwayo sanali wakuba n'komwe.

Akatswiri nawo analakwitsapo. Mu 1876 Cesare Lombroso anati chigawenga chimabadwa, ndipo chimadziwika ndi maonekedwe a mutu ndi nkhope. Kafukufuku anagwetsa maganizo amenewo, ngakhale kuti ife tikadanenabe kuti uje ali ndi nkhope ya wakuba. Mu 1942 Clifford Shaw ndi Henry McKay anaonetsa kuti mumzinda wa Chicago ana opalamula ankachuluka m'madera omwewomwewo a umphawi, ngakhale mitundu ya anthu okhalamo inkasintha. Anthu ankasamuka, vuto n'kutsalira pamalopo.

Kwathu kuno ntchito yake ilipo. Mu 2009 khoti linagamula, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wawo. Mu 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake. Lamulo la ana la 2010 limalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono awongoleredwe kunja kwa khoti. Zigamulo ndi malamulo oterewa zimafuna anthu otsatira zotuluka zake: mwana wochokera ku Mpemba kapena ku Chilwa wabwerera kusukulu, kapena wapalamulanso?

Sindikunamizani kuti digiri imeneyi imabwera ndi ntchito m'manja. Omaliza amalowa kupolisi, kundende, ku ofesi yosamalira anthu, m'mabungwe othandiza omangidwa, kapena m'makampani a chitetezo, ndipo malo ake ngochepa. Mwana amene akuifuna alimbikire Chingerezi ndi masamu, ndipo makolo mufufuze kaye ngati sukuluyo ndi yovomerezeka musanagulitse ng'ombe.

Pomaliza, pempho langa kwa komiti ya chitetezo cha m'mudzi. Gulani kope limodzi. Chinthu chikabedwa, lembani tsiku, nthawi, malo ndi chimene chabedwa, osalemba dzina la amene mukumuganizira. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzabwere nalo pabwalo lino, tidzaliwerenge pamodzi ndi apolisi, tione ngati mbuzi zimasowa kwambiri tsiku la msika likayandikira kapena m'miyezi ya njala.